Mwalandira fayilo ya LiDAR, bwana akufuna ma contour: momwe ndimatulutsira DTM mu QGIS kuno ku Blantyre

Anzanga amene muli pa ntchito ya mapu ndi usaveya, nkhani iyi ndaifotokoza pakamwa kambirimbiri, munthu kundiimbira foni usiku kuti achimwene andipatsa fayilo ya LAZ pa flash nde bwana akufuna ma contour (mizere yolumikiza malo okwera mofanana) Lolemba, ndiyambire pati. Lero ndati ndilembe zonse malo amodzi mmene ineyo ndimachitira, kuyambira pomwe fayilo yafika m'manja mpaka mutatulutsa DTM, mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka, yoti injiniya atha kukonzera ngalande kapena msewu osaopa. Ndigwiritsa ntchito pulogalamu ya mapu ya QGIS chifukwa ndi yaulere ndipo ambirife ndi yomwe tili nayo mu laputopu.

Ndikuuzeni kaye chomwe nkhaniyi ndimaiikira mtima. Tonse tikukumbuka March 2023 mmene Freddy anachitira, matope ndi miyala kugumuka m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe. Madzi amatsata pomwe nthaka yatsetsereka basi, ndiye mzinda ngati wathuwu, wozunguliridwa ndi Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe, Bangwe, anthu atamanga mpaka m'khosi mwa phiri, kudziwa bwinobwino mmene nthaka yakhalira ndi nkhani ya miyoyo ya anthu. Ambiri timadalira SRTM, data ya kukwera kwa nthaka ija a NASA anajambula ndi chombo cha Endeavour mu February 2000, koma kabokosi kake kamodzi ndi mamita pafupifupi 30 mbali zonse. Mamita 30 ku Ndirande ndi nyumba zingapo ndi kanjira komwe, ngalande ya mita imodzi simungaione ngakhale pang'ono. LiDAR imaiona ngalandeyo, bola muikonze bwino.

Mwachidule mmene imagwirira ntchito: kachipangizo kali pansi pa droni kapena ndege kamawombera kuwala kwa laser pansi, maulendo masauzande ambirimbiri pa sekondi imodzi, nkumayeza nthawi yomwe kuwalako kwatenga kuti kubwerere. Pophatikiza ndi GPS komanso kachipangizo kena koyeza mmene droni yapendekera, malo aliwonse pomwe kuwala kwagunda pamalembedwa dontho lokhala ndi X, Y ndi Z. Madontho mamiliyoni amenewa ndi omwe timati point cloud. Anthu ena amaganiza kuti laser imaboola masamba, ayi sichoncho, imangodutsa m'timipata ta pakati pa masamba ngati mmene dzuwa limafikira pansi pa mtengo masana. Kuwombera kumodzi kutha kubweza kangapo, koyamba pamwamba pa mtengo, kachiwiri pa nthambi, komaliza pansi. Kachipangizo ka Zenmuse L1 ka kampani ya DJI kamalemba mpaka katatu, L2 mpaka kasanu. Pansi pa bulugamu madontho amafika ambiri ndithu, koma pansi pa mango wothithikana amafika owerengeka.

Nde pali zinthu ziwiri zomwe anthu amasokoneza. DSM ndi pamwamba pa chilichonse, madenga, mitengo, minibasi yomwe inaima pa siteji nthawi yojambula. DTM ndi nthaka yokhayokha zonsezo zitachotsedwa. Injiniya wa ngalande akufuna DTM. Ntchito yonse yomwe ndikufotokoza apa kwenikweni ndi yosankha madontho a pansi kuwalekanitsa ndi anzawo, zotsalazo ndi kungodina mabatani.

Sitepe yoyamba musanatsegule nkomwe kompyuta, funsani amene wakupatsani fayiloyo. Ili mu coordinate system (CRS) yanji, ndiye kuti ma X ndi Y ake anawawerengera motani? Ma Z ake ndi a ellipsoid omwe GPS imapereka kapena anawasinthira kale ku kukwera kochokera pa nyanja yamchere, komwe kumatsata geoid? Anauluka mwezi wanji? Madontho anawagawa kale magulu kapena ndi osagawa? Alipo ma checkpoint, malo otsimikizira omwe saveya anayeza pansi ndi GPS yolondola kwambiri ya RTK? Funso la mwezi musalione laling'ono. Data ya mu February chimanga chitatalika m'minda ya m'mbali mwa Mudi ndi udzu ukufika m'chiuno, madontho ambiri amathera pamwamba pa mbewu ndipo nthaka imaoneka yokwera kuposa mmene ilili. Ya mu September kapena October anthu atakolola, udzu utauma, mitengo yambiri itayoyola masamba, imakhala yoyera bwino. Ngati muli ndi mawu pa nkhani ya nthawi youlukira, kankhirani ku chilimwe.

Kenako koperani fayilo yoyambayo muiike mu foda yakeyake ndipo musaikhudzenso, muzigwira ntchito pa kope. Dzina la foda likhale lalifupi lopanda mipata, ndipo isakhale pa flash, ikhale mu kompyuta momwemo chifukwa pa flash zimachedwa koopsa. LAS ndi LAZ ndi chinthu chimodzi, LAZ ndi yofinyidwa chabe ndipo palibe chomwe chimatayika, ndiye potumizirana pa intaneti pemphani LAZ, bandulo ipulumuke. Tangowerengani: sikweya kilomita imodzi yokhala ndi madontho 100 pa sikweya mita ndi madontho 100 miliyoni, mu LAS zimenezo ndi ma GB atatu kapena kuposa.

QGIS yanu ikhale 3.32 kapena yoposa apo. Inayamba kutsegula ma point cloud pa 3.18 mu 2021 koma zida zowakonzera, zija zimayendera pulogalamu ya PDAL, zinalowa pa 3.32 mu 2023. Ine ndimakonda ma LTR, ma version omwe amawasamalira nthawi yaitali, monga 3.34 kapena 3.40 poti sakhala ndi mavuto ambiri. Amene mulibe data koma mukufuna kuphunzira, pa OpenTopography pali yaulere ya mayiko ena, sankhani kadera kakang'ono ka mapiri mudawunilodi muziyeserera.

Sitepe yachiwiri, kokerani fayilo ija mu QGIS. Poyamba mungoona kabokosi kopanda kanthu, musadandaule, ikupanga index ndipo pambali pa fayilo yanu pabwera ina yothera ndi copc.laz. Ikakhala yaikulu zimatenga nthawi, ndiye onetsetsani kuti batire ladzaza kapena muli pa inveta, magetsi akathima pakati fayilo ya index imatsala yoduka ndipo muyenera kuifufuta nkuyambiranso. Ikatha tsegulani Processing Toolbox, pansi pa Point cloud data management pali Information, iyendetseni muwerenge zomwe yalemba: madontho alipo angati, CRS ndi iti, X Y Z zayambira pati kulekezera pati.

Manambalawa aziwerengedwa ndi mutu. Malawi timagwiritsa ntchito UTM zone 36 South, ndipo kuno ku Blantyre X imakhala cha m'ma 700,000 pomwe Y imakhala cha m'ma 8,250,000. Mukaona X ili 35 ndi kadontho, Y ili -15 ndi kadontho, ndiye kuti fayilo ili mu ma degree, iyenera kusinthidwa ndi Reproject kupita ku EPSG:32736, nambala ya UTM 36 South ya WGS 84, musanachite china chilichonse, chifukwa resolution (kukula kwa kabokosi ka DTM) ya mita imodzi ilibe tanthauzo pa ma degree. Z nayo, tauni yathu ili pa mamita cha m'ma 1,000 kuchokera pa nyanja, mapiri nkumakwera kuposa apo. Mukaona Z yotsikitsitsa ili 300 kapena yokwera ili 4,000 pa malo a ku Chirimba, amenewo ndi madontho osokera, mbalame, fumbi, kapena kuwala komwe kunanjanja pa galasi, ndipo achotsedwe.

Apa pali msampha womwe unandigwirapo. Assign projection ndi Reproject si chinthu chimodzi. Assign imangomata chizindikiro kuti manambala awa ali mu system yakuti, siisintha nambala iliyonse. Reproject ndi yomwe imawerengeranso manambala. Ndinalandirapo fayilo yopanda CRS, wondipatsayo anangoti ndi UTM 36, ine nkumata 32736 ya WGS 84, kugwira ntchito masiku awiri, tsiku loika pamwamba pa chithunzi cha satellite ndinapeza mtsinje wanga ukudutsa pakati pa nyumba za anthu, zonse zasuntha mamita mazana angapo. Data ija anaimangirira pa ma bikoni akale a Arc 1950, omwe mapu athu ambiri akale ndi ma plan a malo amatsata, nambala yake ndi EPSG:20936. Zonse ziwiri ndi UTM 36 South koma datum, maziko omwe manambala amawerengedwera, ndi yosiyana. Kuyambira pamenepo ndisanapite patali ndimayatsa chithunzi cha satellite kapena OpenStreetMap pansi pa madontho nkuona ngati mphambano ya msewu ikugwera pa mphambano inzake. Ndi mphindi ziwiri zokha.

Sitepe yachitatu, onani ngati madontho anagawidwa. Mu Symbology sankhani Classification. Manambala ake anakhazikitsa ndi bungwe la ASPRS ndipo ndi amodzimodzi kulikonse: 1 ndi osagawidwa, 2 ndi nthaka, 3, 4 ndi 5 ndi zomera kuyambira zazifupi mpaka mitengo italiitali, 6 ndi nyumba, 7 ndi madontho osokera, 9 ndi madzi, 17 ndi pamwamba pa mlatho. Ife tikufuna 2. Zimitsani magulu ena onse musiye 2 yokha, pomwe pali nyumba payenera kuoneka mabowo a makona anayi. Ngati zonse zili mtundu umodzi, 0 kapena 1, ndiye kuti kugawa kuli kwa inu.

Ngakhale anagawa kale musangokhulupirira. Tsegulani Elevation Profile pa View, jambulani mzere wodutsa nyumba zingapo pa malo otsetsereka, ikani tolerance mita imodzi kapena iwiri, muona madontho chammbali ngati mwadula phiri ndi mpeni. Apa ndi pomwe mumaona zoona zake, denga lili pamwamba, mtengo uli ngati ambulera, nthaka ikuyenda pansi. Chitani zimenezi malo asanu kapena khumi osiyanasiyana.

Tsopano kugawa nokha, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe DTM imakomera kapena kuwonongekera. Njira zaulere zomwe ndimadalira ndi ziwiri.

Yoyamba ndi CloudCompare, yabwino kwa amene safuna zolemba ma command. Potsegula fayilo ikufunsani za global shift, vomerani, imangochepetsa manambala akuluakulu a UTM kuti iwerengere bwino ndipo posunga imawabwezera. Yambani ndi SOR filter pansi pa Tools ndi Clean kuchotsa osokera aja. Kenako pa Plugins sankhani CSF Filter. Nzeru yake ndi yosavuta kumva: imatembenuza madontho onse chadodolido, nkugwetsapo nsalu pamwamba. Nyumba ndi mitengo zikatembenuzidwa zimasanduka maenje, nsalu ikakhala yolimba pang'ono siilowa m'maenjemo, imangogona pa nthaka, nde madontho omwe ali pafupi ndi nsaluyo ndiwo a pansi. Ikufunsani mtundu wa malo, Flat, Relief kapena Steep slope. Ku Chileka kapena malo ena athyathyathya Flat kapena Relief zimakwana, koma m'mphepete mwa Soche kapena Ndirande sankhani Steep slope ndipo chongani Slope processing. Cloth resolution imabwera ili 2, pa data ya droni yothithikana ine ndimatsitsa kufika 1 kapena 0.5, classification threshold imabwera ili 0.5 ndipo ndimayamba nayo pomwepo. Ikatha imakupatsani milu iwiri, ground ndi off-ground. Sungani ground payokha ngati LAZ. Dziwani kuti fayilo imeneyi mwina simukhala nambala 2 mkati, ndiye mu QGIS musaikenso filter ya Classification = 2 yomwe ndifotokoze kutsogoloku, ndipo CRS ikasowa imateninso ndi Assign projection.

Yachiwiri ndi PDAL, yomwe muli nayo kale ngati munainstola QGIS pa Windows, tsegulani OSGeo4W Shell, lowani mu foda yanu mulembe chonchi mzere umodzi:

pdal translate yoyamba.laz yogawa.laz outlier smrf --filters.smrf.ignore="Classification[7:7]" --filters.smrf.slope=0.3 --filters.smrf.window=18 --writers.las.forward=all

Outlier imapatsa osokera nambala 7, smrf imawadumpha amenewo nkusankha a pansi kuwapatsa 2. Slope imabwera ili 0.15, yomwe ndi ya malo osatsetsereka kwambiri, ku mapiri athu kuno mukaisiya choncho imameta nsonga za zitunda ndi m'mphepete mwa zigwembe poganiza kuti si nthaka, nchifukwa chake ndaikweza. Window ndi ya kukula kwa zinthu zomwe ikuyenera kuchotsa, pa nyumba wamba mamita 18 akwana koma ku Makata kapena Ginnery Corner komwe kuli ma warehouse a madenga akuluakulu ikwezeni mpaka 30 kapena kuposa, apo ayi pakati pa denga patsala ngati nthaka. Musayese manambala pa fayilo yonse, dulani kachigawo kakang'ono ndi Clip, kokhala ndi nyumba, mitengo ndi potsetsereka, yesani katatu kanayi mpaka profile ikuoneka bwino kenako muyendetse yonse.

Mapulogalamu onsewa anawayesera kwambiri kumayiko komwe nyumba zimakhala zotalikirana, ndiye kwathu kuno ali ndi malo omwe amaphonya pafupifupi nthawi zonse. Choyamba ndi nyumba zomangidwa mokumba phiri. Pitani kumtunda kwa Chilobwe kapena Bangwe muone, munthu anakumba phiri nkusalaza pomanga, kumbuyo kwa nyumba khoma la dothi lafika pafupi ndi malata moti mwana atha kuchoka pa njira ya kumtunda nkuponda padenga. Kwa kompyuta dengalo likungopitiriza nthaka, nde imalipatsa 2, ndipo kampata ka kuseri kwa nyumba komwe madzi amadutsa nthawi ya mvula kamakwiririka. Chachiwiri ndi nyumba zothithikana ngati za ku Ndirande ndi Mbayani komwe malata a nyumba iyi akhudzana ndi a inzake, tinjira tili tating'ono, madontho ofika pansi ndi ochepa zedi ndipo nsalu ija imakagona pamadenga. Chachitatu ndi miyala ikuluikulu ya m'phiri, pulogalamu imaichotsa ngati nyumba pomwe kwa munthu wofufuza za kugumuka kwa phiri miyala imeneyo ndiyo nkhani yake. Palinso mauvuni a njerwa, milu ya mchenga ndi kwale pa malo omanga, zulu, mipanda ya njerwa. Chulu ndi nthaka ndithu chisiyeni, koma uvuni ndi mulu wa mchenga mwezi wamawa kulibe, zichotseni.

Zoterezi zimakonzedwa pamanja basi. Mu CloudCompare muli kachida ka sizasi, mumazunguliza madontho olakwika nkuwadula. QGIS kuyambira 3.42 imalolanso kusankha madontho mu 3D view nkuwasinthira gulu. Ndi ntchito yotopetsa maso koma musaithawe, makamaka m'mbali mwa mitsinje ndi ngalande. Malo omwe mukukayika alembeni, mukapiteko ndi foni mukaone ndi maso.

Sitepe yachinayi ndi kusankha resolution, kukula kwa kabokosi kamodzi ka DTM. Ambiri amangolemba 0.1 poti droni inajambula madontho ambiri, koma funso ndi loti a pansi okha ndi angati. Pansi pa Point cloud extraction pali Density, ikani resolution 5, ku Advanced pa Filter expression lembani Classification = 2, nambala yomwe ituluke pa kabokosi kalikonse muigawe ndi 25 mupeza madontho pa sikweya mita. Akakhala 4 ndiye kuti atalikirana theka la mita, DTM ya 0.5 ili bwino. Akakhala 1, pangani ya mita imodzi. Yang'anani malo ovuta osati pa bwalo la mpira pomwe madontho ali mbwee. Kupanga timabokosi tating'ono kuposa data yanu sikuwonjezera choona chilichonse, kumangolemetsa fayilo: sikweya kilomita pa 0.5 ndi timabokosi 4 miliyoni, pa 0.1 ndi 100 miliyoni. Pa ntchito zambiri za ngalande ndi misewu ya m'makwalala 0.5 kapena 1 imakwana. Mapu a density amenewa asungeni, mudzawafuna.

Sitepe yachisanu, kutulutsa DTM yeniyeniyo, ndipo ndi yachangu. Ngati mafayilo ali ambiri musapange DTM iliyonse payokha nkudzalumikiza pambuyo, m'malire mumatsala mizere ngati msoko wa telala. Gwiritsani ntchito Build virtual point cloud, imapanga kafayilo kakang'ono ka vpc komwe kamaonetsa mafayilo onse ngati amodzi popanda kukopera kalikonse. Kenako pansi pa Point cloud conversion mupeza Export to raster ziwiri, ina wamba ina ya using triangulation. Ya DTM tengani ya triangulation. Imalumikiza madontho a pansi atatuatatu kupanga timakona nkuwerengera kukwera kwa kabokosi kalikonse kuchokera pamenepo, choncho mabowo a pomwe panali nyumba amatsekeka okha. Ikani resolution yanu, Filter expression Classification = 2, sungani ngati tif ndi dzina lomveka monga dtm_chilobwe_050.tif osati temporary. Ya wamba ija imasiya mabowo pomwe palibe madontho, ndi yabwino pa DSM, pamenepo filter yake ndi ReturnNumber = 1. Kompyuta ikamalemedwa tsitsani Tile size kuchoka pa 1000 kufika 500, ndipo tsekani browser.

Triangulation ili ndi khalidwe limodzi loipa, m'mphepete mwa dera imakoka timakona titalititali kulumikiza malo omwe droni sinafikeko. Yendetsani Boundary kuti mupeze malire enieni a madontho, kenako Clip raster by mask layer mudule zongopekazo. Pa madzi napo samalani, laser ikagunda madzi nthawi zambiri siibwerera, ndiye pa damu ngati la Mudi kapena Chimwankhunda zomwe mukuona ndi mizere yokokedwa kuchoka gombe ili kupita linalo, si pansi pa damu ayi.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi, iyang'aneni. DTM ikangotuluka imaoneka ngati utsi wotuwa, simungaone cholakwika. Pangani Hillshade, chithunzi cha mithunzi ngati dzuwa likuwala kuchokera mbali imodzi, azimuth 315 ndi altitude 45 zomwe zimabwera kale zili bwino, mukatero nthaka imadzuka. Tsiku loyamba kuona hillshade ya theka la mita ndinakhala chete kwa kanthawi, mizere ya m'munda ikuoneka umodziumodzi, akalozera akuzungulira phiri, kanjira ka anthu opita kotunga madzi, chigwembe chomwe pa chithunzi cha satellite chinabisika ndi mitengo chili poyera. Muziyenda nayo pang'onopang'ono mutakuza. Kabokosi kotukuka ka makona anayi ndi denga lomwe latsalira. Kadzenje kakuthwa ngati pobaya ndi nsungwi ndi dontho losokera la pansi. Malo okhakhala ngati chikwama cha mtedza ndi tchire kapena chimanga. Timakona tikuluikulu tosalala ndi pomwe panalibe madontho a pansi. Mizere yowongoka yotsata mmene droni inkaulukira ndiye kuti ma strip, timigawo tomwe droni inajambula paulendo uliwonse, sanagwirizane, limenelo si vuto lanu, bwezani kwa amene anaulutsa akakonze. Mukapeza zolakwika bwererani ku madontho mukakonze kumeneko nkutulutsanso, musapake pa raster ya DTM. Sinthaninso azimuth kufika 45 muonenso kachiwiri poti zigwembe zoyenda motsata kuwala zimabisala.

Kenako ma checkpoint. Lowetsani CSV ya saveya ndi Add Delimited Text Layer, yendetsani Sample raster values pa DTM, mu Field Calculator chotserani Z ya saveya pa Z ya DTM. Kusiyana kukakhala kwa masentimita ochepa, kwina pamwamba kwina pansi, muli bwino. Kukakhala kofanana paliponse, tinene malo onse DTM yatsika ndi mamita angapo omwewo, imeneyo ndi nkhani ya ellipsoid ndi geoid ija ndinati mufunse poyamba, mugwirizane ndi saveya kuti ntchito yonse itsate iti. Izi zikaphonyeka injiniya adzapeza ma level a pa pepala sakugwirizana ndi benchmark ya pa saiti. Ma checkpoint akhale ena pa tara kapena pa simenti, ena mu udzu ndi pansi pa mitengo, chifukwa a pa msewu okha amakupatsani chithunzi chokoma kuposa mmene zilili.

Ma contour tsopano. Mukawatulutsa pa DTM ya 0.5 mwachindunji amatuluka onjenjemera ndi tizilumba tambirimbiri. Yambani mwaisalaza, pa Warp ikani resolution 1 kapena 2 ndi resampling ya Average, kenako Raster, Extraction, Contour. Pa malo athyathyathya interval ya 0.5 kapena 1, m'phiri 2 kapena 5 apo ayi pepala lidzangoda ndi mizere. Musalonjeze ma contour a masentimita 10 pomwe ma checkpoint akuonetsa kuphonya kwa masentimita 15. Koma kuwerengera dothi lokumba, slope ndi ma profile chitani pa DTM yosasalaza ija. Mukafuna kutalika kwa mitengo ndi nyumba, mu Raster Calculator chotsani DTM pa DSM basi.

Amene mukufuna kuona komwe madzi amayenda, ndi r.watershed ya GRASS kapena zida za SAGA, pali chinthu chimodzi chomwe LiDAR singaone: makalavati. Droni ili kumwamba ikuona msewu ngati khoma lotchinga mtsinje, paipi ya pansi pa msewu siyikuiona, ndiye kompyuta imadzaza madzi kumtunda ngati damu nkuwapatutsira m'nyumba za anthu komwe sapita. Milatho nayo ikatsala mu gulu 2 imatseka mtsinje chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi kuyenda wapansi ndi GPS kapena pulogalamu ya QField pa foni, kulemba kalavati aliyense polowera ndi potulukira, kukula kwake, komanso ngati watsekeka ndi mchenga ndi mapulasitiki poti ambiri m'makwalala mwathu ndi otero. Pobwerera jambulani timizere todutsa msewu pa malo amenewo, tipatseni buffer ya mita imodzi, Rasterize, nkutsitsa DTM pamenepo mu Raster Calculator kufika pa level ya pansi pa kalavati. Fayilo imeneyi ipatseni dzina lina, ndi ya madzi yokha, isalowe m'malo mwa DTM yeniyeni.

Popereka ntchito ine ndimaika mu foda imodzi DTM ya tif, hillshade, ma contour, mapu a density aja kuti injiniya adziwe malo omwe nthaka ndi yongoyerekeza, ndi kafayilo ka Notepad kolemba tsiku louluka, EPSG, mtundu wa ma Z, resolution, manambala omwe ndinaika mu CSF kapena smrf, ndi zotsatira za ma checkpoint. Mainjiniya ambiri kuno amagwira ntchito mu AutoCAD kapena Civil 3D ndiye adzafuna fayilo ya DXF. Potulutsa ma contour chongani Produce 3D vector ku Advanced kuti mzere uliwonse unyamule kukwera kwake, apo ayi akatsegula adzapeza mizere yonse yagona pa ziro nkukuimbirani foni. Kenako dinani kumanja pa leya, Export, Save Features As, sankhani AutoCAD DXF, CRS ikhale yomweyo ya polojekiti, ndipo musanatumize itseguleninso DXF yo mu QGIS mudine mzere umodzi ndi Identify muone ngati Z ilipo.